Mbuzi za boma kutsidya kwa Ruo

Chaka chimene dzina la bambo anga linatuluka pa zipangizo za ulimi zotsika mtengo, ine ndinali nditabwerera kwathu kwa Mlolo ndi ana anga awiri, banja langa litatha ku Nchalo. Amayi anali atatisiya kalekale. Pakhomopo tinalipo ine, anawo ndi bambo, tikulima mapira kumtunda ndi chimanga kudimba madzi akaphwa.

Kwathu kuchigwa boma linati alimi ena azilandira mbuzi m'malo mwa fetereza, poti nthaka yathu imadya matope a madzi osefukira chaka ndi chaka. Mlimi ankaperekapo kangachepe, boma n'kulipira zotsalazo, iye n'kutenga mbuzi ziwiri zazikazi. Anthu ankazifuna kwambiri. Tsiku lowerenga mayina pansi pa mitengo ya nimu kusukulu, ena ankatukwana, ena kuchoka msonkhano usanathe. Ine nditamva dzina la bambo ndinaimba nthungululu, n'kuthamangira kunyumba chitenje chili m'manja.

Ndinawapeza pakhonde akuluka mono wogwirira nsomba.

"Baba, dzina lanu latuluka! Mbuzi ziwiri!"

Sanadzutse mutu. Anapitiriza kupinda bango, kenako anafunsa kuti, "Walipereka ndani dzinalo?"

"Alangizi, Baba. Analemba makomo onse."

"Ndiye ukatenge iweyo."

"Sizitheka. Akuti apite mwini wake ndi chiphaso chake cha unzika. Pali makina amene akumaunika."

"Nkhabe," anakana m'Chisena, n'kuika mono uja pansi.

Bambo anga sanabadwire kuno. Anabwera kuchokera ku Mozambiki, mbali ya ku Mutarara, nthawi ya nkhondo, ali mnyamata. Sankakonda kuikamba nkhaniyi, koma amayi anandiuzapo kuti kumudzi kwawoko asilikali ankaitanitsa msonkhano n'kuyamba kutchula mayina. Amene watchulidwa ankamuuza kuti aime pambali, ndipo ambiri mwa oima pambaliwo sanaonekenso. Achimwene awo aakulu anapita choncho. Nkhondo itatha anzawo anabwerera, koma iwo anali atakwatira amayi, ali ndi munda ndi ana, ndiye anatsala. Pamene anthu onse ankajambulitsa ziphaso, mudzi wonse unawachitira umboni ndipo chawo chinatuluka ngati cha wina aliyense. Koma anachikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuchisomeka kudenga, osachitulutsanso. Mumtima mwawo ankakhulupirira kuti tsiku lina boma lidzazindikira kuti linalakwitsa.

Ndinawanyengerera masiku angapo. Chaka chimenecho njala inali itatikhaulitsa mpaka tinadya nyika, mizu ija yokumba m'madambo, ndipo ana anali atayamba kutupa masaya. Ndinawauza kuti mbuzi zikaswana tidzakhala ndi pothawira. Ndinawauzanso kuti theka la mudzi wathu lili ndi agogo a kutsidya ku Mozambiki ndipo palibe amene anamangidwapo. Pomaliza anangoti, "Chabwino. Koma upite nawo, ukandiyankhire ndiwe."

Kuchokera pamene Ruo anasiya njira yake yakale n'kudula pakati pa minda yathu, mudzi wathu uli ngati chilumba. Chilichonse cha boma chimathera tsidya linalo, ndipo nthawi ya mvula palibe njira ina koma bwato. Mbuzizo zinabwera mvula itakhazikika kale. M'mawa wa tsikulo madzi anali ofiira koma odekha. Anatiolotsa bambo wina wa mpingo wathu, munthu wamkulu ndithu, amene wakhala akupalasa bwato moyo wake wonse. Ine sindidziwa kusambira. Ndinakhala pansi penipeni pa bwato, maso ali pa mapazi anga, mpaka tinagunda mchenga.

Pabwalo logawira mbuzi tinapeza chinamtindi cha anthu. Mbuzi zinali m'khola la mitengo lomangidwa mofulumira, zikulira ndi ludzu. Kutsogolo kunali tebulo, kalaliki ali ndi foni younikira ziphaso, ndipo pambali pake, pansi pa mtengo, panakhala wapolisi mfuti ili pamiyendo. Bambo atangomuona anaima chilili.

"Tiye tibwerere," ananong'ona.

"Baba, amene uja akungoyang'anira mzere."

"Chisena changa chindigulitsa."

"Aliyense pano akuyankhula Chisena."

"Cha kutsidya chimadziwika," anatero.

Ndinawagwira dzanja ngati mwana n'kulowa nawo pamzere. Dzuwa la kuchigwa silichita nthabwala, ndipo tsiku limenelo kunalibe kamphepo ngakhale pang'ono. Mzere unkayenda n'kuima, kuyenda n'kuima. Bambo sanamwe madzi, sanayankhe ngakhale moni wa anthu odziwana nawo. Malaya awo oyera a kutchalitchi ananyowa mpaka kumamatira kumsana.

Dzuwa litapendeka tinafika patebulo. Bambo anamasula pulasitiki ija pang'onopang'ono n'kupereka chiphaso ndi manja awiri. Kalaliki anachiika patsogolo pa foni. Palibe chinachitika. Anachipukuta pa buluku lake, n'kuyesanso. Anayang'ana foni, n'kuyang'ana bambo, n'kuyang'ananso foni. Kenako anati, "Madala, taimani pambali apo."

Sindidzaiwala mmene nkhope ya bambo inasinthira. Sanatsutse. Anayenda n'kukaima pamene anawalozerapo, manja ali m'mbali, maso ali kutsogolo. Nditawayandikira anandiyankhula osanditembenukira.

"Ukawatenge ana upite nawo kwa azakhali ako ku Bangula. Usadikire pano. Pita."

"Baba, musatero."

"Ndati pita."

Mpaka nthawi imeneyo ndinkaona ngati mantha awo ndi a ukalamba chabe. Koma chiphaso chinali chitatsala patebulo, kalaliki akunong'onezana ndi mnzake, ndipo wapolisi uja anadzuka, n'kukoleka mfuti paphewa, n'kuyamba kubwera mbali yathu. Ndinayamba kudzifunsa kuti kodi makinawo sakudziwadi zinthu? Nanga akawatenga ndikawauza chiyani ana? Ndinali nditawakoka ndekha kuchokera pakhonde pawo.

Wapolisi anatidutsa osatiyang'ana n'komwe, n'kukakalipira anyamata amene ankalowerera mzere. Patapita kanthawi kalaliki anaimirira pampando, foni ataikweza m'mwamba, n'kulengeza kuti netiweki yathawa, aliyense adikire. Anthu anang'ung'udza, ena n'kukhala pansi. Ndinawafotokozera bambo kuti vuto si iwo, koma sanasunthe. Anaimabe pomwepo padzuwa mpaka netiweki inabwera, foni inalira, kalaliki n'kuwaitana kuti adzadinde chala.

Anatipatsa mbuzi ziwiri, ina yoyera, ina yofiirira ya mawanga, iliyonse ili ndi kandolo kachikasu ka nambala kukhutu. Tisanabalalike, bwana wina wochokera kuboma anakwera pagalimoto n'kuyankhula mokweza.

"Mbuzi izi si zandiwo, si zogulitsa kwa mavenda. Manambala ake tili nawo. Tidzabwera khomo ndi khomo kudzaziona, ndipo amene tidzam'peze alibe akayankha kupolisi."

Anthu ena anaseka, poti mawu oterewa amawamva chaka chilichonse. Bambo anga anawamva ngati lamulo la m'Baibulo. Anatenga chingwe cha mbuzi yoyera n'kuchikulunga padzanja lawo, n'kumanga mfundo.

Pofika padooko tinapeza Ruo atasanduka mtsinje wina. Kwathu sikunagwe dontho, koma kumapiri a Mulanje ndi Thyolo kunali kutada bii, ndipo mchenga umene tinatsikirapo m'mawa unali utamira. Madzi ankathamanga atanyamula makungwa a nthochi, zinyalala ndi magulu a namasupuni. Mwini bwato uja anali atakokera bwato lake kumtunda, akuyang'ana madziwo manja ali m'chiuno.

"Mwachedwa," anatero. "Madziwa akubwerabe. Bwanji mugone konkuno, ndikuolotseni mawa?"

Ndinaganiza za ana anga. Ndinawasiya okha, ndipo nyumba yathu ili kumunsi, kumene madzi amayambira kulowa. Ngati mtsinje ukanapitiriza kukwera, panalibe munthu wamkulu woti awatengere kumtunda.

"Abambo, chonde," ndinatero. "Ana ali okha."

Anayang'ana kumapiri, n'kuyang'ana ife, kenako anapukusa mutu n'kukankhira bwato m'madzi. Tinamanga mbuzi miyendo ndi luzi n'kuzigoneka pakati. Ine ndinakhala kumbuyo kwa bambo, ndipo mwini bwato anandipatsa chigubu chodula pakati kuti ndizikapira madzi.

Titangochoka pagombe ndinamva mphamvu ya madzi pansi pa matako anga. Bwato linkanjenjemera ngati chamoyo. Mwini bwato ankapalasa atagwada, akulimbana kuti mutu wa bwato uyang'ane kumtunda, koma gombe la kwathu linkangotsetsereka kutidutsa. Ndinkangomva kupuma kwake ndi kulira kwa mbuzi.

Tili pakati penipeni ndinaona mtengo wathunthu ukubwera, mizu ili m'mwamba. Mwini bwato anayesa kuuzemba, koma nthambi ina imene inali pansi pa madzi inatimenya m'mbali. Bwato linazungulira. Mbuzi yoyera inadzidzimuka, n'kupalapata, luzi lonyowa lija n'kupulumuka m'miyendo. Inaimirira, inaterereka, ndipo tisanaigwire inali m'madzi.

Chingwe chinakokeka, dzanja la bambo n'kupita nacho. Bwato linapendekera mbali imeneyo ndipo madzi anayamba kukhuthukira mkati.

"Isiyeni! Madala, isiyeni!" anakuwa mwini bwato.

"Nja boma!" anayankha bambo. "Nja boma iyi!"

Ankaikoka ndi manja onse awiri, akuyesa kuibweretsa m'mphepete mwa bwato. Mbuziyo inkasambira, mphuno yokha ili pamwamba, maso atatuzuka. Ine ndinkakapa madzi ngati wamisala, ndikuitana dzina la Yesu, koma amene ndinkataya anali ochepa kuposa amene ankalowa. Mbuzi inayo inali itamira mpaka m'khosi, ikulira mosalekeza.

Kenako mbuzi yoyera ija inangozimiririka. Sinamire pang'onopang'ono ngati chinthu chotopa. Inalipo, kenako panalibe, ndipo pamalopo madzi anawira. Inali ng'ona, koma sindinganame kuti ndinaiona yonse. Ndinangoona msana wakuda wa mabampu ukutembenuka, n'kulowanso. Chingwe chinalimba ngati waya, ndipo bambo anakokedwa mpaka chifuwa chawo chinali kunja kwa bwato, nkhope itatsala pang'ono kukhudza madzi.

Ndinataya chigubu n'kuwagwira lamba ndi manja onse, mapazi nditaponda m'mbali mwa bwato. Ndinkamva chinthucho chikukoka kudzera m'thupi la bambo, kukoka n'kusiya, kukokanso. Mfundo ija inali italowa m'mnofu, sakanathanso kuimasula ngakhale akanafuna. Ndinakuwa mawu amene sindikuwakumbuka. Mwini bwato anaponya nkhafi mkati, n'kutidumpha, n'kusolola mpeni m'chiuno. Anacheka kawiri chingwe n'kuduka. Tonse tinagwera chagada, bwato n'kugwedezeka mpaka ndinati basi latembenuzika.

Silinatembenuzike. Koma popanda wopalasa, madzi anali atatitenga. Mwini bwato anatola nkhafi n'kuyamba kulimbana nawonso, ine ndikukapa ndi manja poti chigubu chinali chitapita. Tinakakocheza kumunsi kwambiri, m'bango lowirira, kutali ndi dooko. Panalibe pouma poti tipondepo.

"Tsikani msanga, musaime," anatero mwini bwato. "Muzimenya madzi poyenda."

Tinalowa m'madzi ofika m'chiuno. Iye anasenza mbuzi yotsalayo pamapewa n'kutsogola, bambo pakati, ine kumbuyo. Pa ulendo wonsewo mpamene ndinaopa kwambiri. M'bango simuoneka kanthu. Udzu uliwonse wondikhudza mwendo ndinkati ndi mano. Ndinkafuna kuthamanga koma matope ankandigwira mapazi, ndipo magazi a padzanja la bambo ankadontha m'madzi patsogolo panga. Titaponda nthaka youma ndinagwada n'kusanza.

Ana tinawapeza ali bwino, mayi woyandikana nafe atawatengera kale kwake. Ndinatsuka bala la bambo ndi madzi amchere. Khungu linali litasupuka kuzungulira dzanja lonse. Sanabuule. Anangoyang'ana kachingwe kotsala kaja n'kunena kuti, "Adzakhulupirira ndani?"

Kuyambira tsiku limenelo bambo anasanduka munthu wodikira kumangidwa. Ndinawauza kuti mwini bwato ndi mboni, iwo n'kuti mboni ya munthu wosauka ndi wosauka mnzake. Anaganiza zogula mbuzi ina yoyera, koma akanaitenga kuti ndolo ya nambala? Mbuzi yotsalayo anailowetsa m'nyumba, ikugona kumapazi kwawo, ndipo masana sankalola kuti ipite kutali ndi maso awo. Chakudya ankangochilawa. Akamva kulira kwa njinga yamoto, ngakhale kutali, ankadzuka mwakachetechete n'kulowa m'munda wa mapira kuseri kwa nyumba.

Nanenso mantha anandilowa. Kuchigayo kunkamveka mphekesera zoti kwinakwake ku Chikwawa munthu anamutsekera chifukwa chogulitsa mbuzi za boma. Wina ankati ayi, anangomulanda inayo. Wina ankati amene wataya mbuzi dzina lake amalifufuta pa chilichonse, ngakhale pa chimanga cha njala. Palibe ankadziwa zoona zake. Ndinaganizapo zopita ndekha kwa alangizi kukanena, koma kuti ndikafike kumeneko ndinayenera kuolokanso Ruo, ndipo bwato sindinkafunanso kulikwera. Ndinkaopanso kuti ndikakanena, ndiye kuti ndawaitana ndekha. Choncho tinangokhala, tikumvetsera njira.

Anabwera madzi ataphwa, mapira atayamba kufiira. Njinga yamoto inaima pabwalo pathu penipeni. Bambo anali atalowa kale m'munda isanafike n'komwe pamtengo wa masawu. Wokwerayo atavula chipewa ndinaona kuti ndi mayi wachitsikana, wocheperapo kwa ine, nsapato zake zili matope okhaokha. Anati ndi mlangizi wa ziweto, akuyendera mbuzi zija.

Ndinamuyalira mkeka. Ndinabweretsa mbuzi yofiirira, iye n'kuiyang'ana m'kamwa, m'maso ndi kumapazi, n'kuisisita pamimba.

"Iyi ili ndi bere," anatero. "Mukuisamala bwino. Inzake ili kuti?"

Ndinafotokoza zonse kuyambira padooko. Pofika pa za chingwe ndinayamba kulira. Ndinakatenga kachingwe koduka kaja, kamene bambo anakasunga, n'kumuonetsa. Anakagwira n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, inu mukanafa chifukwa cha mbuzi?" anafunsa motsitsa mawu. "Si inu nokha. Zina zinafa ndi matenda sabata yomweyo, zina zinapita ndi madzi. Ndingolemba kuti inafa. Madalawo ali kuti? Dzanjalo linapola?"

Ndinaloza kumunda. Anandiyang'ana osamvetsa, ndiye ndinangoti, "Amaopa." Sanafunsenso. Anadzuka n'kupita m'mphepete mwa mapira, n'kuitana m'Chisena mwaulemu, kuwauza kuti palibe mlandu, angofuna kuwapepesa ndi kuona balalo. Anaitana kangapo. M'mundamo munangouluka mbalame. Anadikira pang'ono, kenako anandiuza kuti ndizipaka bala mankhwala a kuchipatala osati phulusa, n'kukwera njinga yake.

Bambo anatuluka dzuwa litatsala pang'ono kulowa, mutu uli mungu wa mapira.

"Wati chiyani?"

"Wati palibe mlandu, Baba. Walemba kuti inafa."

"Basi?"

"Basi."

"Sanafunse kumene ndinabadwira?"

"Sanafunse. Wafunsa za dzanja lanu."

Anakhala pakhonde n'kumayang'ana njira imene njinga inadzera. Anati amenewo ndi machenjera, amatumiza kaye wamkazi kuti munthu atayirire. Anapitiriza kuthawira m'munda mpaka tinakolola mapira, ndipo munda utayera analibenso kobisala. Ndiye ankangokhala pakhonde njinga zikamadutsa, atagwira mzati. Palibe anabweranso.

Mbuzi ija inaswa ana awiri m'nyengo yozizira, ndipo mbuzi zimene zili pakhomo pano lero zinachokera kwa iyo. Dzanja la bambo linapola koma zala ziwiri zinauma, moti kuluka mono anasiya, akungowalangiza ena pakamwa. Chaka chotsatira mayina anawerengedwanso pansi pa mitengo ya nimu, ndipo lawo silinatuluke. Ndinabwerera kunyumba nditakhumudwa, ndikuganiza za mmene ndiwauzire. Atamva anangothokoza m'Chisena kuti, "Takhuta," n'kundituma kuti ndikawagulire usipa ndi tomato, ati akumva njala.